Jumbe Tawakali Sudi wa ku Nkhotakota: kalata ya Sultani, pangano ndi magoli

Aliyense wokwera phiri la Mphunzi kuno ku Dedza amakafika pa mapanga amene makoma ake ali ndi zithunzi zakale: zofiira zimene adasiya Akafula, ndi zoyera zimene Achewa adajambula pa miyambo yawo. Mapangawa ali m'gulu la malo 127 a m'dera la Chongoni amene bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Ife Asilamu sitipembedza m'mapangamo, ndipo chikhulupiriro chathu nchosiyana ndi cha amene adajambulamo. Komabe tikudziwa kuti munthu atabwera ndi thumba la ndalama kuti agule phanga limodzi naphwanyepo miyala yomangira nyumba, eni mwambo sangamufunse kuti wabweretsa zingati. Angamupirikitse, ndipo akawonjezera ndalamazo mkwiyo wawo nawo ungakule, pakuti kutchula mtengo pa chinthu chopatulika ndi chipongwe.

Mapiri omwewa ali ndi mbiri ina. M'zaka za m'ma 1800 anthu ankathawiramo pobisala nkhondo za Angoni ndi magulu ogwira akapolo. Amene ankagwidwa ankawatsitsira ku madoko a m'mbali mwa nyanja, ndipo doko lalikulu koposa kutsidya lino lidali Nkhotakota. Lero tikumbuke munthu amene adalamulira dokolo pa nthawi imene maufumu a ku Ulaya ankagawana dziko lathu. Dzina lake ndi Tawakali Sudi, amene ena amamutchula kuti Mwinyi Kisutu, Jumbe wachitatu. Moyo wake ukutiwonetsa momwe zinthu zimene anthu amaziyesa zopatulika zimatsegulira kapena kutsekera khomo la zokambirana pakati pa maufumu. Ukutiwonetsanso tsoka la munthu amene amalemekeza zina mwa zopatulika nagulitsa zina.

Ufumu wa Ajumbe udayamba ndi Salim bin Abdallah, Mswahili wochokera kugombe la nyanja ya mchere, amene adafika ku Nkhotakota cha m'ma 1840. Adapempha malo kwa mfumu ya Achewa, Malenga, ndipo adalandiridwa ngati mlendo wamalonda. Koma mfuti, nsalu ndi mikanda zidamukuza msanga mpaka adaposa eni nthaka. Iye ndi anthu ake adabweretsa ulimi wa mpunga umene Nkhotakota ikutchuka nawo kufikira lero, adabzala mitengo ya kokonati, adakhoma zombo za matanga, ndipo adaimika Swala ndi kuwerenga kwa zilembo za Chiarabu. Zombo zomwezo ndi zimene zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi anthu omangidwa m'magoli kupita ku Losewa, kutsidya la kum'mawa, kumene ulendo wa pansi wa miyezi ingapo wopita ku Kilwa unkayambira. David Livingstone atafika ku Nkhotakota m'chaka cha 1863 adapeza chombo china chikukhomedwa kaamba ka ntchito yomweyi. Iye adalembanso chiwerengero chimene adamva kwa kazembe wa Angerezi ku Zanzibar, Rigby, chakuti akapolo pafupifupi 19,000 ochokera m'dera la nyanja yathu ankadutsa pa kasitomu ya Zanzibar chaka chilichonse.

Salim bin Abdallah atamwalira, mpando udapita kwa Mwinyi Mguzo, ndipo cha m'ma 1870 udafika kwa Tawakali Sudi. Iye adalowa ufumu dziko likusintha. M'chaka cha 1873 Sultani Barghash wa ku Zanzibar, atakakamizidwa ndi Angerezi, adatseka msika wa akapolo wa pachilumbapo. M'chaka cha 1875 sitima ya amishoni a Livingstonia yotchedwa Ilala idayamba kuyenda pa nyanja yathu. Kumtunda kudali Angoni. Kutsidya kwa nyanja kudali Makanjira, mfumu yamphamvu ya Ayao, Msilamu mnzake koma wopikisana naye pa malonda ndi pa zombo. M'mudzi mwake momwe mudali nduna zokhala ndi mfuti ndi anthu awoawo, zimene zinkamumvera pokhapokha iye ali ndi mphamvu.

Chimene chinkamusiyanitsa Jumbe ndi mafumu ena a m'mbali mwa nyanja ndi ichi: iye ankadziwika ngati woimira Sultani wa ku Zanzibar, ndipo pabwalo pake pankauluka mbendera yofiira ya Sultaniyo. Kwa munthu wakunja mbenderayo idali kansalu chabe. Kwa Jumbe idali umboni wakuti iye sadali mlendo wosochera pakati pa Achewa, koma nthambi ya ufumu wa Asilamu wofika mpaka ku Oman. Ulemu wake pamaso pa nduna zake, pamaso pa amalonda a ku Kilwa ndi pamaso pa Makanjira udatsamira pamenepo. Minyanga ankatha kuitsitsa mtengo, msonkho wa padoko ankatha kuukambirana, koma kukhulupirika kwake kwa Sultani sikudali pa msika.

Kuti timvetse zimene zidachitika ku Nkhotakota m'chaka cha 1889, tiyambe taona zimene zidachitika kugombe la nyanja ya mchere chaka chimodzi m'mbuyo mwake. Mu Epulo 1888 Sultani watsopano, Khalifa bin Said, adasaina pangano lopereka ulamuliro wa madoko a kumtunda kwa kampani ya Majeremani. Papepala zonse zidali m'malo mwake. Koma mu Ogasiti chaka chomwecho nthumwi za kampaniyo zitafika ku Pangani zidanyoza mbendera ya Sultani, ndipo pofunafuna liwali wa mzindawo zidalowa mumzikiti mopanda ulemu pa nyengo ya Eid ya Hajj. Gombe lonse lidayaka moto. Nkhondo imene idatsatira, yodziwika ndi dzina la Abushiri bin Salim, idafika mpaka ku Kilwa, ndipo idatha Majeremani atatumiza asilikali ndi kumupachika Abushiri mu Disembala 1889. Anthu amene akadalolera kukambirana za msonkho sadalole kukambirana za mzikiti wawo.

Pa nthawi yomweyo kumpoto kwa nyanja yathu kudali nkhondo ina. Kuyambira m'chaka cha 1887 Mlozi, Mswahili wamalonda amene adamanga malinga pafupi ndi Karonga ndi kusautsa Ankhonde, ankamenyana ndi kampani ya African Lakes. Ngakhale msilikali wodziwika Frederick Lugard adalephera kugwetsa malingawo, ndipo adachokako atavulala. Kumwera, Apwitikizi motsogozedwa ndi Serpa Pinto ankakwera mtsinje wa Shire ndi gulu la nkhondo. Angerezi adaona kuti akapanda kufulumira, dera la nyanja liwapulumuka.

Munthu amene adamutuma ndi Harry Johnston, kazembe wawo ku Mozambique. Johnston ankalankhula Chiswahili, ndipo asadafike kuno adayamba wadzera ku Zanzibar kumene adatenga makalata a Sultani Khalifa opita kwa Aluya ndi Aswahili a kunyanja. Mu Seputembala 1889 adafika ku Nkhotakota pa sitima ya amishoni a UMCA yotchedwa Charles Janson. Sadabwere ndi gulu la nkhondo. Chida chake chachikulu chidali kalata ya Sultani, ndipo adakhala masiku angapo pamudzi wa Jumbe monga mlendo. Mapeto ake Tawakali Sudi adasaina pangano loika dziko lake pansi pa chitetezo cha Angerezi, ndipo adalonjezedwa ndalama za chaka ndi chaka.

Tisadzinamize kuti ndalama ndi mantha zidalibe gawo pa nkhaniyi. Jumbe adali atakalamba, adani adamuzinga, ndipo bwenzi lokhala ndi sitima ndi mizinga lidali lofunika kwa iye. Koma taonani dongosolo la zinthu. Kalata ndiyo idatsogola, ndalama zidadza pambuyo. Johnston akadayamba ndi kutchula mtengo wa mbendera yofiira, Jumbe akadavomera bwanji pamaso pa nduna zake popanda kuoneka ngati wogulitsa mbuye wake? Kalata ija idamupatsa njira yolowera m'pangano mutu uli m'mwamba. Kwa anthu ake iye sadapandukire Sultani, adangomvera mawu ake. Chimene Majeremani adachiponda ku Pangani, Johnston adachipatsa moni ku Nkhotakota, ndipo adapeza popanda kuwomba mfuti chimene anzake adachipeza ndi mwazi.

Zipatso za panganolo zidaoneka msanga. Jumbe adabwereka Johnston chombo chake ndi anthu omuperekeza pa ulendo wa kumpoto, ndipo dzina lake lidathandiza kuti Mlozi ndi anzake akhale pansi. Pa 22 Okutobala 1889 adasaina mtendere ku Karonga, ndipo nkhondo ya zaka ziwiri idaima. Mizinga ya kampani idalephera, koma mawu ochokera kwa Sultani, odzera mwa Msilamu mnzawo amene ankamulemekeza, adatheka kumveka.

Koma mapanga awiri avumbwitsa. Sultani amene Jumbe ankamulemekeza adali kale m'manja mwa Angerezi. Mu Julayi 1890 Britain ndi Germany adasainirana pangano la Heligoland ndi Zanzibar, limene lidaika Zanzibar pansi pa Angerezi, gombe la Kilwa pansi pa Majeremani, ndi kulemba malire a kumpoto kwa nyanja yathu. Palibe amene adafunsa Jumbe, Malenga kapena Makanjira. Mu Meyi 1891 Angerezi adalengeza ulamuliro wawo pa dziko lino, ndipo Johnston adabweranso, ulendo uno ngati bwanamkubwa wokhala ndi asilikali a Chisikh ochokera ku India. Ulemu umene adaonetsa m'chaka cha 1889 udali kiyi wotsegulira chitseko, ndipo chitatseguka adalowa ndi zonse zimene adabwera nazo. Apa pali chenjezo kwa atsogoleri athu: munthu wodziwa zimene timazilemekeza akhoza kutilemekeza moona, akhozanso kugwiritsa ntchito ulemuwo ngati nyambo.

Makanjira adasankha njira ina. Kale m'chaka cha 1888 anthu ake adagwira John Buchanan, wogwirizira udindo wa kazembe wa Angerezi, pamodzi ndi mmishoni W. P. Johnson, nawavula ndi kuwasunga mpaka dipo litaperekedwa. Kumapeto kwa 1891 Johnston adawombera mudzi wake ndi mizinga nautentha. Mu Disembala chaka chomwecho Kaputeni Cecil Maguire adaphedwa pamene ankawononga zombo za Makanjira, ndipo sitima ya Domira idatitimira mumchenga pafupi ndi gombe. Dokotala Boyce ndi injiniya McEwan adatsikira kumtunda atalonjezedwa mtendere kuti akakambirane za mtembo wa Maguire, koma adaphedwa. Sitikuiwala kuti mudzi wa Makanjira udali utangotenthedwa kumene, ndipo mkwiyo wake tikuumvetsa. Koma chilungamo chitikakamiza kunena kuti kupha munthu amene wapatsidwa chitetezo ndi haramu. Qur'an yolemekezeka, mu Surah At-Tawbah, ikulamula kuti ngakhale mdani akapempha chitetezo apatsidwe ndi kuperekezedwa kufikira pamalo pamene ali wotetezeka. Kuchokera tsiku limenelo khomo la zokambirana pakati pa Makanjira ndi Angerezi lidatsekeka, pakuti mbali iliyonse idali ndi mwazi woti ibwezere.

Jumbe adasunga pangano lake, ndipo lidamudyera. Ena mwa anthu ake adaona kuti wagonjera Azungu ndi kuwatsekera njira ya chuma. M'chaka cha 1893 nduna yake ina ya Chiyao, Chiwaura, amene adamanga linga lolimba kumtunda kwa Nkhotakota, adamuukira, ndipo Angerezi ankati kumbuyo kwake kuli Makanjira. Jumbe sadathe kumugonjetsa yekha. Adapulumutsidwa ndi asilikali a Johnston amene adagwetsa lingalo, Chiwaura naphedwa. Kenaka nkhondo idawolokera kwa Makanjira, ndipo pamalo pa mudzi wake Angerezi adamangapo Fort Maguire. Mfumu imene idalowa m'pangano ngati bwenzi tsopano idakhala pampando chifukwa cha mfuti za mnzakeyo.

Tawakali Sudi adamwalira m'chaka cha 1894. Chaka chomwecho amishoni a UMCA adatsegula mishoni yawo ku Nkhotakota motsogozedwa ndi A. F. Sim. Wolowa m'malo mwake, Mwinyi Kheiri, sadakhalitse: Angerezi adamuimba mlandu wakupha, adamuchotsa pampando namutumiza ku Zanzibar, ndipo ufumu wa Ajumbe udathera pomwepo. Mu Disembala 1895 malinga a Mlozi adagwetsedwa ndipo iye adapachikidwa. M'chaka cha 1896 nkhondo idafika kuno ku Dedza, kwa Tambala. Amene adasaina ndi amene adakana onse adathera pansi pa mbendera imodzi. Kusiyana kwake nkwakuti mudzi wa Jumbe sudatenthedwe monga udatenthedwera wa Makanjira, ndipo Chisilamu cha ku Nkhotakota chidakhalabe ndi mizu mpaka lero.

Tsono tiweruze bwanji moyo wa munthu ameneyu? Kuweruza kwenikweni nkwa Allah yekha, koma phunziro ndi lathu. Pa zokambirana za 1889 padali zinthu zitatu. Padali malonda, amene ali ndi mtengo. Padali ulemu wa Sultani ndi mbendera yake, umene Jumbe ankauyesa wopanda mtengo. Padalinso anthu, ana a Adam, amene kwa zaka makumi ambiri ankawolotsedwa padoko lake atamangidwa m'magoli. Pa zitatuzi, chimene Allah adachipatula koposa ndi chachitatu, ndipo ndicho chimene Ajumbe adachiika pa sikelo pamodzi ndi minyanga. Hadisi yopezeka mu Sahih Al-Bukhari ikutiuza za anthu atatu amene Allah adzatsutsana nawo pa Tsiku la Kiyama. Mmodzi ndi wolonjeza m'dzina la Allah kenaka naphwanya lonjezolo, wina ndi wogulitsa mfulu nadya mtengo wake, ndipo wachitatu ndi womana wantchito malipiro ake. Surah Al-Balad ikutchula kumasula kapolo ngati njira yokwera imene munthu ayenera kuilimbira. Pa Hajj yake yotsanzika, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adayerekeza kupatulika kwa mwazi, chuma ndi ulemu wa munthu ndi kupatulika kwa tsiku lija, mwezi uja ndi mzinda wa Makka.

Nchifukwa chake sitiyenera kuchita manyazi kunena poyera kuti kusaka anthu m'midzi ya Achewa ndi kuwagulitsa ku Kilwa kudali tchimo, ngakhale ochitawo ankaswali. Abale athu a zipembedzo zina akatikumbutsa za mbiriyi, tisayankhe mokalipa kapena kuloza machimo a Azungu, ngakhale alipo ambiri. Tiyankhe kuti chipembedzo chathu chomwe chidatsutsa kale mchitidwewu. Nchomvetsa chisoni kuti adafunika mlendo wofuna dziko kuti atseke msika umene Asilamu eni ake akadautseka ndi Buku lawo. Ndipo tisaiwale kuti Chisilamu chidafalikira kwambiri m'dziko muno magoli atatha, kudzera mwa aphunzitsi oyenda pansi monga Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Shehe Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene adanyamula mabuku osati mfuti.

Muyeso wa zonsezi tidapatsidwa ku Hudaybiyya m'chaka chachisanu ndi chimodzi cha Hijra, chimene ndi 628. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adapita ndi Maswahaba pafupifupi 1,400 kukachita Umra, ndipo Akuraishi adawatsekera njira. Polemba pangano, nthumwi yawo Suhayl bin Amr idakana kuti papepalapo palembedwe udindo wa utumiki. Ali bin Abi Talib (Allah asangalale naye) zidamuvuta kufufuta mawuwo, koma Mtumiki adalola kuti achotsedwe. Adalolanso kubwerera ku Madina osaiona Kaaba chaka chimenecho. Maswahaba ambiri zidawapweteka mtima. Koma utumiki wake sudachepe chifukwa cha inki, ndipo Kaaba sidasunthe. Chimene sadalole kuchiphwanya ndi pangano lenilenilo: Abu Jandal atafika akukoka maunyolo kuthawa ku Makka, Mtumiki adamubweza monga mwa mgwirizano, namulimbikitsa kupirira. Patangopita zaka ziwiri Makka idatseguka. Iye ankadziwa kusiyanitsa chopatulika chenicheni ndi chizindikiro chake, ndipo ankadziwanso kuti Akuraishi nawo adali ndi ulemu wofunika kuusiyira malo.

Nkhani zimenezi sizidathe ndi Ajumbe. Pangano lija la 1890 ndi lomwe Malawi amagwiritsa ntchito lero ponena kuti malire ake ndi Tanzania ali pagombe la kum'mawa kwa nyanja, pamene Tanzania imati ali pakati pa madzi. Mkanganowu udabukanso m'chaka cha 2012 kaamba ka zofufuza mafuta, ndipo mkhalapakati wa atsogoleri opuma Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae adaima m'chaka cha 2014 popanda chimvano. Mafuta ndi nsomba zikhoza kugawidwa, koma nyanja imene ili ndi dzina la dziko anthu amaiona ngati cholowa cha makolo, ndipo mtsogoleri wooneka ngati akuigulitsa sangabwerere kwawo. Kwathu konkuno, mkangano wa hijab m'sukulu za mipingo sukadatha ndi ndalama kapena kuopsezana. Udayamba kuzizira pamene bungwe la Public Affairs Committee lidakhazika pansi mbali zonse mpaka mgwirizano wa 2021, aliyense atavomereza kuti mnzake ali ndi chimene amachiyesa chopatulika.

Tawakali Sudi adasunga mawu ake kwa Sultani ndi kwa Johnston, ndipo pa ichi tikhoza kumutchula mwaulemu, pakuti Surah Al-Ma'idah ikuyamba ndi lamulo lokwaniritsa mapangano. Adathandiza kuzimitsa nkhondo ya ku Karonga ndipo adapulumutsa mudzi wake ku moto. Koma pangano limene Allah adaika pakati pa munthu ndi munthu mnzake adalizindikira mochedwa, atachita kukakamizidwa. Zidzukulu za amene ankabisala m'mapanga a Mphunzi ndi Chongoni ndi anansi athu lero, ena timaswali nawo mumzere umodzi, ena amapemphera ku mishoni, ena ali ku miyambo ya makolo. Tikakhala nawo pabwalo pa nkhani ya manda, ya malo a mzikiti kapena ya sukulu, tiyambe tafunsa chimene iwo sangachigulitse tisadatchule chathu, ndipo tidziyese ngati chimene tikuchiteteza ndi lamulo la Allah kapena ndi mbendera yathu chabe.

Tikupempha Allah kuti achitire chifundo onse amene adafera m'magoli panjira ya ku Kilwa, aweruze akale athu mwa chilungamo ndi chifundo Chake, ndipo atipatse ife nzeru yodziwa chimene tingalolere ndi chimene sitiyenera kuchigulitsa. Allah ndiye Wodziwa koposa.